Nsanamira zinayi za ku Klukwan: lipoti la mlandu wa Nyumba ya Nangumi

Ntchito yanga ndi yofufuza mbiri ya katundu amene amalowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Ndimafufuza kumene chinthu chinachokera, manja amene chinadutsamo, komanso ngati amene anachitulutsa kwawo anali ndi mphamvu yotero. Pa fomu yomwe timagwiritsa ntchito pali mzere umodzi wokha wolembapo dzina la mwini chinthu, ndipo m'munsi mwake muli kampata kosayinira. Kwa zaka zambiri mzere umenewu sunkandipatsa maganizo alionse. Unayamba kundisowetsa tulo nditawerenga mlandu wa zosema za Nyumba ya Nangumi ya m'mudzi wa Klukwan ku Alaska. Ndaulemba pano mwatsatanetsatane kuti anzanga a ntchito ngati yangayi, pamodzi ndi onse amene anasiyiridwa zinthu za makolo kuti azisunge, aone m'mene unayendera.

Malo ndi eni nkhani

Klukwan ndi mudzi wa anthu a mtundu wa Tlingit. Uli m'mbali mwa mtsinje wa Chilkat, pafupifupi makilomita 35 kumpoto kwa tauni ya Haines, kum'mwera chakum'mawa kwa Alaska. Lero ndi mudzi waung'ono, koma m'zaka za m'ma 1800 unali wolemera kwambiri chifukwa eni ake ndiwo ankalamulira njira zamalonda zodutsa m'mapiri kupita kumtunda. Ankanyamula mafuta a nsomba ndi katundu wa amalonda a pa nyanja, n'kubwerako ndi zikopa. Njirazi ankaziteteza mwansanje, moti mu 1852 anakafika mpaka ku Fort Selkirk, kutali mkati mwa Yukon, n'kukaphwasula malo amalonda a kampani ya Hudson's Bay imene inkawalanda msika. Chuma chimenechi ndicho chinalipira amisiri amene tikambe za ntchito yawo.

Mtlingit aliyense amabadwira ku mbali imodzi mwa mbali ziwiri, ya Khwangwala kapena ya Chiwombankhanga, ndipo mwamwambo amakwatira ku mbali inayo. Mbali iliyonse ili ndi mafuko ake, ndipo fuko lililonse lili ndi nyumba zake zokhala ndi maina. Mwana amatsata kuchikazi. Fuko lake ndi la amayi ake, ndipo udindo wa mwini nyumba umachoka kwa malume kupita kwa mwana wa mlongo wawo, osati kwa mwana wawo wobereka. Woleredwa m'mudzi wa chikamwini saona chachilendo apa. Koma makhothi ndi amalonda a ku America, amene anazolowera kuti chuma cha bambo n'cha mkazi ndi ana ake, anapunthwa pa mfundo imeneyi kwa zaka pafupifupi 100.

Nyumba ya Nangumi, imene m'chinenero chawo amati Yáay Hít, ndi ya fuko la Gaanaxteidí, la mbali ya Khwangwala. Inamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 ndi mtsogoleri wina dzina lake Xetsuwu, amene anaitanitsa mmisiri wodziwika Kadjisdu.axtc kuchokera kudera la mtsinje wa Stikine, kumene lero kuli tauni ya Wrangell.

Katundu yemwe ankalimbirana

Zinthu zimene zinafika kukhothi ndi zisanu: nsanamira zinayi zosemedwa, iliyonse yotalika pafupifupi mamita atatu, ndi chipupa cha matabwa chojambulidwa chimene amachitcha Chipupa cha Mvula. M'nyumbamo munalinso chimbale chachitali chamtengo chodyeramo pa phwando, chosemedwa ngati mbozi.

Nsanamira iliyonse ili ndi nkhani yake. Imodzi ikuonetsa Dukt'ootl', mnyamata amene anthu ankamunyoza kuti ndi waulesi komanso wauve chifukwa ankagona pafupi ndi phulusa masana onse, osadziwa kuti usiku ankapita yekha kukalimbitsa thupi m'madzi ozizira. Malume ake ataphedwa ndi chinyama cha m'nyanja chimene Angerezi amati sea lion, iye ndiye anachigwira n'kuching'amba pakati, ndipo mmisiri anamusema ali pakati pochita zimenezo. Ina ikuonetsa mtsikana atafukata mbozi yoboola mitengo. Nkhani yake imati anaitola ili yaing'ono, n'kumaiyamwitsa mobisa ngati mwana wake ndi kuiimbira nyimbo zogonekera khanda, mpaka inakula n'kuyamba kudya chakudya cha m'nkhokwe za mudzi wonse. Anthu anaipha, mtsikanayo analira, ndipo fuko linatenga mboziyo kukhala chizindikiro chake. Yachitatu ndi ya Khwangwala ndi nsomba ya salimoni, ndipo yachinayi ndi ya Gunakadeit, chamoyo cha pansi pa nyanja chimene chimabweretsa chuma kwa amene wachiona.

Chipupa cha Mvula chinkalekanitsa chipinda cha mwini nyumba ndi malo a onse. Pakati pake pali chithunzi chachikulu chotambasula manja, ndipo pamimba pake pali chibowo chozungulira chimene chinali khomo. Mwini nyumba akamatuluka pa tsiku la mwambo, ankatulukira m'mimba mwa chizindikiro cha makolo ake. M'mphepete monse muli tianthu tonjuta, tondondozana, timene timaimira madontho a mvula akamadumpha pogunda pansi. Chithunzi chodziwika cha m'kati mwa nyumbayi chinajambulidwa mu 1895 ndi Winter ndi Pond, ojambula a ku Juneau, ndipo ine ndachiyang'ana kangapo ndi galasi lokulitsa. Chimene chimandigwira mtima ndi nkhope za pa nsanamirazo. Masaya ndi milomo yake ndi zofewa ngati mnofu, pomwe ndi mtengo.

Zida za amisiri a m'mbali mwa nyanja imeneyi sizambiri. Chachikulu ndi kasemasema wa mpini wopindika ngati chigongono, wodulidwa pamene nthambi imakumana ndi thunthu. Pali wamkulu wogwetsera mtengo wosafunika ndi wamng'ono womalizira, amene amasiya timabala ting'onoting'ono tondandalikana m'mizere ngati mamba a nsomba. Palinso mpeni wokhota kunsonga, umene mmisiri amaukoka chobwera kwa iye pokumba maso, mphuno ndi m'kati mwa mbale. Kale nsonga za zidazi zinkakhala za mwala, za zigoba za nkhono za m'nyanja kapena za mano a nyama yotchedwa beaver, koma m'nthawi ya Kadjisdu.axtc chitsulo chinali chitafala kudzera m'malonda. Posalaza ankakhula ndi chikopa chouma cha shaki. Utoto unali wa mitundu itatu: wakuda, wofiira wochokera ku dothi longa katondo, ndi wobiriwira wa miyala ina yopera, ndipo ankausakaniza ndi mazira a salimoni kuti ugwire. Kwa ife ofufuza, timabala ta kasemasema ndi kapindidwe ka chikope zili ngati siginecha. N'chifukwa chake akatswiri amaona dzanja la mmisiri yemweyu pa nsanamira zakale za nyumba ya Chief Shakes, mfumu ya Atlingit a ku Wrangell.

Mawu amodzi amene mlandu wonse watsamirapo

Atlingit ali ndi mawu akuti at.óow. Kumasulira kwake kwapafupi ndi chinthu chimene chinagulidwa kapena kulipiridwa, koma malipiro ake nthawi zambiri ndi moyo wa kholo lina kapena tsoka limene fuko linakumana nalo. At.óow ikhoza kukhala chipewa, mkanjo wovinira, nsanamira, nyimbo, dzina, nkhani, ngakhale phiri. Chosema chatsopano sichikhala at.óow pongochoka m'manja mwa mmisiri. Choyamba, mwamwambo amene amapatsidwa ntchito yosema amakhala wa mbali inayo. Kenako chinthucho amachitulutsa pa phwando lalikulu lotchedwa ku.éex', limene kawirikawiri limakhala lokumbukira womwalira. Pamenepo eni ake amanena mbiri yake pamaso pa alendo a mbali inayo, amagawa chuma, ndipo alendowo polandira amakhala achitira umboni. Kuchokera tsiku limenelo chinthucho ndi cha fuko lonse, amoyo, akufa ndi osabadwa.

Mbali ziwirizi zimadalirana pa maliro. A Khwangwala akaferedwa, a Chiwombankhanga ndiwo amagwira ntchito za pamaliro, monga m'mene adzukulu amachitira kwathu kuno, ndipo amatulutsa at.óow yawo kuti ipukute misozi ya anamfedwa. A Khwangwala nawo amayenera kuyankha potulutsa yawo. Fuko limene lagulitsa at.óow yake limakhala chimanjamanja pa tsiku lotere, ndipo limasiyanso anzawo a mbali inayo opanda wowayankha. Apa ndi pamene mudzi wonse umalowera m'nkhani ya katundu wa fuko limodzi.

Amene amasunga zinthuzi amatchedwa hít s'aatí, kutanthauza mkulu wa nyumba. Makiyi amakhala ndi iyeyo. Ndiye amazisamala, amazitulutsa pa mwambo ndipo amazilankhulira. Mlendo wofika m'mudzi akafunsa kuti mwini wa izi ndani, aliyense amaloza iyeyo, ndipo saloza molakwa. Koma ndi msungi chabe.

Oyamba kuyesa

George Emmons, msilikali wa pamadzi wa dziko la America amene anasonkhanitsa zinthu zambirimbiri za Atlingit n'kuzigulitsa ku nyumba zosungiramo zakale, analemba za Nyumba ya Nangumi mu 1916. Kuyambira pamenepo aliyense wokonda zosema za kuderali anadziwa kuti ku Klukwan kuli chuma chosayerekezeka.

Amene anafika pafupi kwambiri m'nthawi imeneyo anali mwana wa m'mudzi momwemo, Louis Shotridge. Iyeyu anagwira ntchito ku University Museum, nyumba yosungiramo zakale ya ku Philadelphia, kwa zaka pafupifupi 20 mpaka 1932, ndipo anatumizako zinthu zoposa 500. Bambo ake, George Shotridge, ndiwo anali mkulu wa Nyumba ya Nangumi. Koma mayi ake anali a fuko la Kaagwaantaan, la mbali ya Chiwombankhanga, choncho pa malamulo a Chitlingit Louis analibe gawo m'nyumba ya bambo ake. M'zaka za m'ma 1920 anayesa kugula zosemazo, akuluakulu a fuko n'kutemetsa nkhwangwa pamwala. Anayesanso kuzitenga ngati cholowa cha mwana kwa bambo ake potsamira malamulo a America, koma zinakanika, ndipo nkhaniyi inamudanitsa ndi anthu akwawo. Anamwalira mu 1937 kufupi ndi Sitka.

Ine sindimuona Shotridge ngati wakuba wamba. Ankakhulupirira kuti miyambo ya kwawo ikutha, chifukwa amishoni ndi boma ankaletsa maphwando aja ndipo ana ankalangidwa kusukulu akalankhula chinenero chawo. Ankafuna kuti luso la makolo ake likaime pambali pa la Aigupto ndi Agiriki. Chinthu chilichonse chimene anatumiza ankachilembera fuko lake, nyumba yake ndi nkhani yake, ndipo zolemba zimenezo ndi zomwe lero zikuthandiza mafuko ena kuitanitsa katundu wawo. Komabe malamulo a kwawo ankawadziwa bwino kuposa mzungu aliyense, ndipo anasankha kuwalumpha.

1976 ndi 1984

Patapita zaka pafupifupi 50 chiyesereni Shotridge kugula zosemazo, kunabwera Michael Johnson, wamalonda wa zinthu zaluso za mitundu ya ku America. Njira yake inali yofunafuna anthu a m'banja la Nyumba ya Nangumi amene angavomere kuti katunduyo ndi wawo, n'kupangana nawo za malonda. Mu 1976 galimoto inabwera kudzanyamula zosemazo, koma anthu a m'mudzi anamemezana n'kutseka msewu, ndipo inabwerera yopanda kanthu.

Chaka chomwecho khonsolo ya mudzi, imene boma la America limaizindikira ndi dzina lakuti Chilkat Indian Village, inakhazikitsa lamulo la mfundo ziwiri. Munthu asalowe m'mudzimo ndi cholinga chogula kapena kunyengerera anthu kuti agulitse zosema, zizindikiro za mafuko ndi zina zamakolo popanda chilolezo cha khonsolo. Ndipo chinthu chotere chisatuluke m'mudzimo khonsolo isanadziwitsidwe ndi kuvomera. Ndi lamulo lalifupi, koma ndi limene linadzapulumutsa zonse.

Pa 22 Epulo 1984 nsanamira zinayi ndi Chipupa cha Mvula zinatulutsidwa m'nyumba ya fuko. Ozinyamula sanali alendo. Anali Atlingit a m'banja la nyumbayo, ndipo msungi wa nthawiyo anali mbali yawo. Katunduyo anakathera m'nyumba yosungiramo katundu ku Seattle, kudikira wogula. Boma la Alaska linafufuza, linamupeza, koma linaganiza zosatsegula mlandu wakuba. Chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa.  Wapolisi akafunsa ngati wosunga makiyi analola, yankho n'lakuti inde. Pa malamulo amene iye amadziwa, nkhani yathera pomwepo.

Njira ya m'makhothi

Mudzi unakasuma wokha kukhothi la boma lalikulu la America, ndipo khothilo linapereka chiletso choti katunduyo asagulitsidwe kapena kusunthidwa. Kenaka linanena kuti lilibe mphamvu yozenga mlanduwo. Mudzi unachita apilo, ndipo mu 1989 khothi la apilo la Ninth Circuit linagawa nkhaniyo pawiri. Linati funso lakuti kodi mudzi ungakakamize lamulo lake pa munthu amene si wa mtundu wawo, monga Johnson, ndi funso la malamulo a boma lalikulu, choncho liyenera kumvedwa. Koma mkangano wa mudzi ndi ana ake omwe linati ndi wa m'nyumba. Mlandu utabwerera kukhothi loyamba, woweruza anautumiza kukhothi la mudzi wa Chilkat kuti liyambe ndilo kuuzenga.

Zimenezi zinadya zaka zisanu ndi zinayi. Nthawi yonseyo nsanamira zinali m'mabokosi ku Seattle, ndipo akuluakulu ena amene akanachitira umboni anamwalira akudikira.

Wina angafunse za lamulo la NAGPRA la 1990, limene limalamula kubweza mafupa a makolo ndi zinthu zopatulika kwa mitundu ya ku America. Lamuloli lili ndi mfundo yogwirizana ndendende ndi at.óow, yakuti pali zinthu za gulu zimene munthu mmodzi, ngakhale wa m'gulu lomwelo, sangazigulitse. Koma kubweza kumene limalamula kumakhudza nthambi za boma ndi nyumba zosungiramo zakale zimene zimalandira ndalama za boma. Katundu wa ku Klukwan anali m'manja mwa wamalonda, ndiponso anatengedwa lamuloli lisanabadwe.

Mlandu unazengedwa kumayambiriro kwa 1993 m'mudzi momwemo, kwa milungu inayi, pamaso pa woweruza James Bowen. Apa ndi pamene pali phunziro lenileni la ntchito yathu, chifukwa umboni wake sunali wa malisiti. Akuluakulu a mafuko a mbali zonse ziwiri anaimirira mmodzimmodzi n'kufotokoza nkhani ya mbozi, nkhani ya Dukt'ootl', maina a asungi a nyumbayo motsatana kuchokera kwa Xetsuwu, ndi maphwando amene zosemazo zinatulutsidwapo. Akatswiri a za chikhalidwe cha anthu anaperekanso umboni wawo. Oimbidwa mlandu ankati katunduyo ndi wa a m'nyumba ya Nangumi okha, osati fuko lonse la Gaanaxteidí, ndipo iwo monga a m'nyumbamo akanatha kuchita naye chimene afuna.

Chigamulo chinatuluka mu Novembala 1993. Khothi linapeza kuti zosemazo ndi za fuko lonse, kuti msungi amazigwira m'malo mwa fuko ndipo alibe mphamvu yozigulitsa payekha, kuti lamulo la 1976 ndi lovomerezeka, komanso kuti Johnson ndi amene anamuthandiza analiphwanya. Linalamula kuti katunduyo abwerere ku Klukwan ndipo mtolo wa zolipira unagwera wamalondayo. Mu Okutobala 1994 nsanamira zinayi ndi chipupa chija zinafika kwawo, patatha zaka khumi.

Zimene ndaonamo

Choyamba chimene chinandikhudza n'chakuti panalibe pamene pepala linanama. Anthu amene anapangana ndi Johnson analidi a m'banjamo. Msungi analidi msungi. Fomu yathu ya mzere umodzi ija ikanadzazidwa bwinobwino, siginecha n'kukhalapo, ndipo ine ndikanaidinda. Cholakwika chili m'funso lenilenilo, chifukwa limaganiza kuti chinthu chilichonse chili ndi mwini mmodzi amene angathe kusayina.

Zoterezi zinandichitikirapo. Bambo wina wachikulire anabweretsa ng'oma yakale ku ofesi kwathu, nati inali ya malume ake ndipo tsopano ili m'manja mwake, ikungodyedwa ndi chiswe. Ndinamulembera, anasayina, tinamuthokoza. Patapita miyezi ingapo kunabwera amayi atatu, alongo ake ndi mwana wa mmodzi wa iwo. Sanakalipe. Wamkulu wa iwo anakhala pampando, anakonza chitenje chake, n'kundifunsa modekha kuti, “Achimwene athuwo anakuuzani kuti anafunsa ndani?” Ndinalibe yankho, chifukwa funso limenelo silinali pa fomu ndipo ine sindinalifunse. Ng'omayo inabwerera.

Koma tisathamangire kunena kuti chosema chilichonse cha anthu a kuderali n'chosagulitsika, chifukwa kutero n'kuwanamiziranso. Ahaida a pa zilumba za Haida Gwaii, oyandikana ndi Atlingit chakum'mwera, anayamba m'zaka za m'ma 1820 kusema mwala wakuda wofewa wotchedwa argillite, umene amakumba ku Slatechuck kufupi ndi Skidegate. Ankasema makaliwo, mbale ndi tinsanamira tating'ono, cholinga chake chili chogulitsa kwa amalinyero ndi alendo. Charles Edenshaw, mmisiri wawo wotchuka amene anamwalira mu 1920, ankasula zibangili kuchokera ku ndalama zasiliva ndi zagolide, ndipo zambiri ankagulitsa poyera. Chibangili chotere chikapezeka ku London kapena ku New York, palibe mlandu. Zizindikiro zojambulidwapo zikhoza kufanana ndi za pa chipewa cha fuko, luso lake n'kukhala lomwelo, koma chimodzi chinapangidwira msika pomwe chinacho chinatulutsidwa pa phwando pamaso pa mboni. Maso okha sangakuuze kusiyana kwake. Uyenera kufufuza mbiri, ndipo mbiriyo kawirikawiri ili m'mitu ya anthu.

Nkhani ya Anuxalk a ku Bella Coola, m'chigawo cha British Columbia ku Canada, ikuonetsa m'mene zimathera pamene palibe lamulo la mudzi ngati la ku Klukwan. Kumeneko boma linaletsa maphwando amwambo kuyambira 1885 mpaka 1951, ndipo zinthu zambiri zovinira zinatuluka m'nthawi imeneyo. Chimodzi mwa zimene zinatsala chinali chigoba chovala kumaso chotchedwa Echo, chokhala ndi milomo ingapo yosinthasintha imene wovina amalowetsa ndi kuchotsa potsanzira mawu a zamoyo zosiyanasiyana. Mu 1995 mayi wina wachikulire amene ankachisunga anachigulitsa kwa wamalonda pa madola a ku Canada 35,000. Wamalondayo atafuna kuchitulutsa m'dziko, chilolezo chinakanizidwa potsatira lamulo la Canada loteteza zinthu zachikhalidwe, ndipo Anuxalk anapita kukhothi ponena kuti mayiyo anali msungi chabe. Nkhaniyo inathera kunja kwa khothi. Boma la Canada linapereka madola 200,000 ndipo chigobacho chinagulidwanso. Chinabwerera kwawo, inde, koma wamalonda anapindula, ndipo palibe woweruza amene ananena kuti malamulo a Anuxalk ndiwo akulamulira. Ku Klukwan sanagule chinthu chawo chomwe.

Sindikufuna kuti oimbidwa mlandu a ku Klukwan kapena mayi wa ku Bella Coola aoneke ngati anthu oipa mtima. Wamalonda akamabwera chaka ndi chaka, atanyamula ndalama zimene munthu sanazionepo, n'kumanena kuti zinthuzi zikungowola muno pomwe kwina zikasamalidwa, si aliyense angalimbe. Ndipo mantha akuti moto kapena chinyezi chidzawononga zosemazo sanali abodza. Fuko limene likufuna kuti msungi wake asagwe m'mayesero liyenera kumuthandiza denga, loko ndi chakudya. Khothi la mudzi linkadziwa kuti mlandu ukatha anthuwa adzakhalabe moyandikana, adzaikana maliro, ndipo ana awo adzakwatirana. N'chifukwa chake linalimbikira zobweza katundu kusiyana ndi kulanga abale.

Pali mfundo ina imene ndimaiganizirabe. Khothi linati mwini ndi fuko, koma amene anasuma ndi khonsolo ya mudzi, imene ndi bungwe la makono lokhazikitsidwa potsatira malamulo a America, ndipo muli anthu a mafuko osiyanasiyana. Pa mlandu uwu zofuna za fuko ndi za khonsolo zinagwirizana. Tsiku lina zikhoza kusiyana, mwachitsanzo fuko litafuna kupititsa chipewa chake ku phwando la kumudzi wina khonsolo n'kukana. Wofufuza asaganize kuti kalata ya khonsolo kapena ya mfumu yalowa m'malo mwa mawu a eni fuko. Ayenera kumva mbali zonse ziwiri.

Zimene ndinasintha pa kagwiridwe kanga ka ntchito

Pa fomu yathu ndinawonjezera mafunso amene ndimafunsa pakamwa ndisanatulutse cholembera. Ndimafunsa kuti chinthuchi chinapangidwira ntchito yanji, ndipo chinagwiritsidwapo ntchito pa mwambo uti. Ndimafunsa kuti chinafika bwanji m'manja mwa amene wachibweretsa, ndipo iye akadzamwalira chimayenera kupita kwa yani. Funso lomalizali ndi limene limaulula zambiri. Munthu akayankha kuti chidzapita kwa aliyense amene ndamukonda, mwina ndi chakedi. Akayankha kuti chidzapita kwa mwana wa mlongo wanga chifukwa ndi m'mene zimakhalira, ndiye kuti amene wakhala patsogolo pangayo ndi msungi, ndipo ndimamupempha kuti tikakumane ndi mbumba yonse kumudzi tisanapitirire. Ena amakhumudwa n'kunyamula katundu wawo. Ndimawalola apite.

Ndinasiyanso kuona umboni wapakamwa ngati wotsika poyerekeza ndi pepala. Ndimaujambula mawu, ndimalemba amene analankhula, udindo wake m'banjamo ndi amene analipo pomwe ankalankhula, monga m'mene khothi la ku Klukwan linachitira.

Kumene zili lero

Zitabwerera mu 1994, zosemazo zinasungidwa m'mudzimo kwa zaka 22 osaonetsedwa kwa alendo. Anthu a ku Klukwan anayamba pang'onopang'ono ntchito yomanga malo awoawo, pamodzi ndi kuphunzitsanso achinyamata kusema, kuwamba salimoni ndi kuluka mikanjo ya Chilkat ya ubweya wa mbuzi za m'mapiri ndi khungwa la mkungudza wa kumeneko, luso limene mayi Jennie Thlunaut a m'mudzi momwemo analisunga mpaka imfa yawo mu 1986. Mu 2016 anatsegula Jilkaat Kwaan Heritage Center m'mbali mwa mtsinje wa Chilkat. Nsanamira zinayi zija zaimikidwa m'chipinda chachikulu, Chipupa cha Mvula chili pakati pake monga zinalili m'chithunzi cha 1895. Zikadali za fuko la Gaanaxteidí, ndipo amene amalandira alendo n'kuwafotokozera nkhani ya mbozi ndi ya Dukt'ootl' ndi anthu a m'mudzi momwemo.